Paipi ya mafuta ndiyo ikuzimitsa injini za maboti panyanja

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi eni maboti, asodzi ndi anzathu okonza injini m'madoko a nyanja zathu, kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi, osaiwala a pa Likoma ndi Chizumulu, a ku Malombe ndi ku Chilwa. Nkhani yake ndi ya kachinthu kamene ambiri amakapeputsa: paipi ija imachoka pa thanki ya petulo kupita ku injini yopachika kumbuyo kwa boti. Injini ikayamba kutsokomola kapena kuzima pakati pa nyanja, anthu amathamangira kusintha mapulagi, kumasula kabuleta, kunena wogulitsa mafuta kuti wathira parafini, ena mpaka kuloza chala mnansi kuti walodza zida. Koma injini zambiri zotere zikafika kwa makaniko, ukadula paipi ndi mpeni n'kusuzumira mkati, mlandu umathera pomwepo.

Gwero la vutoli lili mu petulo amene timagula. Petulo wa m'dziko muno si petulo yekhayekha ayi. Kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya Ethanol Company inatsegulidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo mu 2004 kunabweranso fakitale ya PressCane ku Chikwawa. Ethanol amachokera ku molasesi, madzi akuda onata aja amatsala popanga shuga. Ndi mowa ndithu, mbale wake wa kachasu, kungoti uyu amatchezedwa mpaka madzi atatheramo. Muyeso wake mu petulo umakhala pakati pa malita 10 ndi 20 pa malita 100 alionse, kutengera kuchuluka kwa ethanol amene alipo nyengo imeneyo. Sitikudandaula nazo zimenezi, pakuti lita iliyonse yochokera ku nzimbe zathu ndi lita imene dziko silinaigule ndi ndalama zakunja. Koma walira mvula walira matope. Mabuku a injini za Yamaha, Suzuki, Tohatsu, Honda ndi Mercury amalola ethanol wosapitirira 10 pa 100. Ndiye kuti ife tili pamalire penipeni, nthawi zina timapitirira, ndipo choyamba kulira ndi chilichonse cha labala chimene mafuta amadutsamo.

Ethanol amaononga paipi m'njira ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Poyamba amalowa mu labala n'kumutupitsa. Paipi imafewa ngati yaphikidwa, ukaigwira imanata ndipo imasiya zakuda pa zala. Kenako amasungunula mankhwala ofewetsa amene opanga anaikamo kuti labala azipindika, n'kupita nawo limodzi ndi mafuta. Mankhwalawo akatha, tsiku limene thanki yauma paipi imauma nayo, imakhwinyata n'kulimba gwa ngati nthambi ya chilimwe. Kunja dzuwa la kunyanja likuiotcha, mkati ethanol akuidya. Ming'alu imayambira kumapeto, pamene paipi yavala kamlomo ka thanki kapena ka injini, chifukwa pamenepo ndi pamene labala wakokedwa kwambiri.

Mng'alu wa paipi ya boti ndi wachinyengo. Pampu ya mafuta ili pa injini, ndiye imachita kukoka, mkati mwa paipi mulibe mphamvu yokankhira mafuta kunja. Choncho kamng'alu kakang'ono sikadontha petulo woti muone kapena kumva fungo, kamangoyamwa mpweya mwakachetechete. Injini imalira bwinobwino padoko, imayenda bwino pang'onopang'ono, koma mukatsegula moto wonse kwa mphindi zingapo imayamba kubanika, kukwera ndi kutsika yokha, kenako zii. Kuzima kokhako n'kochepa. Injini za two-stroke zimene zadzaza m'madoko mwathu, za 15, 25 ndi 40 HP, oyilo wake amayenda limodzi ndi petulo. Mafuta akamafika operewera, oyilo wapereweranso, moto wa mu silinda umatentha kuposa muyeso, pisitoni imapsa pamutu kapena kukanda makoma. Injini ya mamiliyoni imagona pansi chifukwa cha mamita atatu a labala.

Pali vuto lina lozunguza mutu kwambiri. Mapaipi ena, makamaka otuwa aja amabwera kale ndi kampira kopopera mafuta ndi dzanja, ali ndi kachikopa kopyapyala mkati. Pa mapaipi osalimba kachikopa aka kamamatuka ku khoma. Kunja paipi imaoneka yatsopano, yosalala, yopanda mng'alu ndi umodzi womwe. Injini ikayamba kukoka mafuta mwamphamvu kachikopa kaja kamafwamphuka n'kutseka njira, ndipo injini ikazima kamabwerera m'malo mwake. Mukapopa, mafuta akubwera. Mukaliza injini, ikulira. Mukayenda pang'ono, yazimanso. Mwini boti amatha sabata akusintha zinthu zabwinobwino. Ing'ambeni paipi yotere m'litali ndi lezala: mudzapeza kachikopa kachikasu kapena kofiirira katapiringizika ngati khungu limene njoka yafundula, pena katasweka tizidutswa tonga mamba a usipa.

Tizidutswa timeneti sitikhala malo amodzi. Timapita mu sefa ya mafuta, timakakamira mu timavavu ta kampira kopopera, ndipo tating'ono kwambiri timadutsa mpaka mu kabuleta. Mukamasula kambale ka pansi pa kabuleta n'kupeza tinthu takuda tonga makala osinja, tomwe mukatifinya pakati pa zala timatambasuka m'malo mophwanyika, ameneyo si mchenga kapena dzimbiri la m'chigubu. Ndi paipi yanu ikusungunuka. Kutsuka kabuleta popanda kusintha paipi n'kutunga madzi ndi dengu. Ma jet, timabowo timene mafuta amadutsamo mu kabuleta, adzatsekekanso ulendo wachiwiri kapena wachitatu, ndipo makaniko adzanenedwa kuti sadziwa ntchito.

Nanga paipi yoyenera mungaidziwe bwanji? Osati ndi mtundu wake. Yakuda, yotuwa, yabuluu, zonsezi zilipo zabwino ndi zoipa zomwe. Osatinso ndi mawu a wogulitsa, chifukwa ambiri amangoti "ndi ya petulo imeneyi" iwonso asakudziwa. Paipi yeniyeni imadzinenera yokha. Pa thupi pake pamalembedwa mawu obwerezabwereza, osatalikirana kuposa masentimita 30: dzina la wopanga, muyezo umene inayesedwa nawo, kukula kwa bowo lake ndi chaka chimene inapangidwa. Paipi yopanda cholembedwa chilichonse, kapena yongolembedwa kuti FUEL HOSE basi, isiyeni pa shelefu pomwepo.

Ya maboti imalembedwa SAE J1527, kapena USCG, kapena ISO 7840, kapena ISO 8469, ndipo pambali pake pamakhala chilembo ndi nambala: A1, A2, B1 kapena B2. Chilembo chikunena za moto. A ndi paipi imene inayesedwa pa lawi la moto kwa mphindi ziwiri ndi theka osaboola, B sinayesedwe motero. Nambala ikunena ntchito yake. 1 ndi paipi imene mafuta amakhalamo nthawi zonse, yochoka ku thanki kupita ku injini. 2 ndi ya pothirira mafuta ndi popumira thanki, pamene mafuta amangodutsa osakhalitsa. Paipi ya 2 musaiike konse panjira yopita ku injini, ngakhale itakwana bwino pa kamlomo.

Chofunika kwambiri kwa ife ndi nambala ina imene imabwera pambuyo pake: A1-15 kapena B1-15. Nambala 15 ikutanthauza kuti petulo wolowerera m'khoma la paipi n'kutuluka ngati nthunzi sapitirira magalamu 15 pa sikweya mita imodzi patsiku, ndipo poyesa amagwiritsa ntchito mafuta okhala ndi ethanol 10 pa 100. A1 ndi B1 zakale zimaloledwa kufika magalamu 100, A2 ndi B2 magalamu 300. Lamulo la magalamu 15 limeneli linayambira ku America mu 2009, ndipo cholinga chawo chinali kuteteza mpweya. Pa paipi ya mamita atatu kusiyanaku ndi timagalamu tochepa patsiku, palibe amene angalemere nato. Phindu lathu lili pena: kuti paipi ikwanitse muyezo wa 15, opanga amaika mkati khoma la zipangizo zimene ethanol sazilowa msanga. Khoma lomwelo ndilo limateteza labala wakunja kuti asatupe ndi kuuma.

Pa boti lamatabwa lotseguka, lokhala ndi thanki yonyamula pamanja ya malita 12 kapena 25, B1-15 ndi yokwanira, ndipo ndi yofewa bwino potembenuza injini. Boti lokhala ndi thanki yomangira pansi pa matabwa, kapena limene paipi imadutsa m'kachipinda kotsekeka, monga ambiri onyamula anthu ndi alendo ku Chembe, Senga Bay ndi Nkhata Bay, pamenepo pafunika A1-15. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imatsikira pansi n'kukhala m'mphako za boti kudikira kamoto ka fodya kapena ka waya wa batire.

Tikudziwa kuti paipi ya maboti sipezeka m'sitolo iliyonse, ndipo munthu wa ku Makanjira kapena Usisya sangaimitse ntchito milungu iwiri kudikira katundu. M'masitolo a zipangizo za galimoto muli mapaipi olembedwa SAE J30, ndipo apa m'pofunika kuwerenga bwino nambala yotsatira chilembo R. R6 ndi R7 ndi labala wamba wa nitrile, wa magalimoto akale a kabuleta. R7 imaloledwa kutulutsa nthunzi mpaka magalamu 550, ndiye onani nokha kusiyana kwake ndi 15. Ingakutulutseni m'mavuto kwa miyezi ingapo, koma musaiiwale pa boti. R9, imene amaitcha ya fuel injection, mkati mwake muli labala wa mtundu wa FKM, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Viton. Kumbali ya ethanol imeneyi ndiyo yolimba kwambiri mwa mapaipi opezeka msanga, ndipo petulo akafika 20 pa 100 ife tingasankhe imeneyo. Zovuta zake n'zakuti ndi yokwera mtengo, ndi youma pang'ono popinda, ndipo inapangidwira pansi pa boneti, osati padzuwa. Ivekeni paipi ina yokulirapo kapena nsalu pamene imagona poyera.

Zosayenera kuziganizira n'komwe ndi izi zimene timaziona tsiku ndi tsiku m'madoko. Paipi yoonekera mkati ija amamisiri omanga nyumba amayezera levulo ndi pulasitiki wa PVC. Anthu amaikonda chifukwa mafuta amaoneka akuyenda, koma pakangopita milungu yochepa imasanduka yachikasu, imauma ngati bango, ndipo kumapeto kwake sikugwiranso kamlomo. Paipi yothirira m'dimba, ya madzi a rediyeta, ya mpweya wa kompuresa, ya gasi wophikira, zonsezi zinapangidwira zinthu zina. Ya rediyeta ndiye imatupa mu petulo mofulumira kuposa zonse.

Zolembedwa nazo zimatha kukhala zabodza, poti masiku ano chilichonse chili ndi chofanizira chake. Njira yodzitetezera ndi yotchipa. Musanagule mamita ambiri, gulani kachidutswa ka masentimita 10, kaduleni pakati. Theka limodzi liikeni m'botolo lagalasi lokhala ndi petulo yemweyo mumagwiritsa ntchito, tsekani, ikani pamthunzi kutali ndi moto kwa sabata imodzi. Theka linalo lisungeni louma. Sabata ikatha yang'anani mkati mwa bowo, osati kunja, popeza chikopa chakunja cha mapaipi ambiri abwino sichinapangidwe kuti chizimira m'mafuta ndipo chimatupa pang'ono. Ngati khoma lamkati lafewa moti chikhadabo chikulowa, ngati layamba kusiyana ndi lakunja, kapena bowo lachepa poyerekeza ndi la theka louma lija, musagule. Lisiyeni liume masiku awiri mulipinde: labwino limabwerera, loipa limachita ming'alu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Eni maboti angapo a padoko limodzi angathe kuyesa kamodzi n'kugula mpukutu wonse pamodzi.

Kukula kwa bowo ndi nkhani ina imene imapweteketsa anthu. Mapaipi a injini zopachika amabwera a 6 mm, 8 mm ndi 9.5 mm, amene pa mainchesi amalembedwa 1/4, 5/16 ndi 3/8. Injini zazing'ono zimagwiritsa ntchito 6 kapena 8 mm, zikuluzikulu zopitirira 100 HP nthawi zambiri zimafuna 9.5 mm. Osangoganizira: tengani cholumikizira chakale mupite nacho kusitolo, kapena yezani bowo la paipi yoyambirira ya injiniyo. Paipi yaikulu pa kamlomo kakang'ono siigwira, mungamange bwanji, imakwinyika mbali imodzi n'kusiya kanjira ka mpweya. Yaing'ono yokakamiza pa kamlomo kakakulu imang'ambika mkati tsiku lomwelo. Ndipo ziwalo zonse, kamlomo ka thanki, kampira kopopera ndi cholumikizira cha ku injini, zikhale za bowo lofanana, chifukwa mafuta amayenda molingana ndi pamene pali pothina kwambiri. Utali ukhale wongokwanira, mamita awiri kapena atatu, ndi kotsala pang'ono koti injini izitembenuka mbali zonse ndi kutukulidwa popanda kukoka paipi. Yotsala yambiri yokulungidwa pansi imangopondedwa ndi alovi pokoka chilimira.

Posintha, sinthani zonse nthawi imodzi. Kampira kopopera nako n'kalabala, kamwa ethanol yemweyo zaka zomwezo. Kali ndi muvi pathupi pake, ndipo muviwo uloze ku injini. Kakhale kufupi ndi thanki kusiyana ndi injini, ndipo popopa kagwireni choimika, muvi utaloza kumwamba, kuti timavavu tamkati titseke bwino. Dulani paipi ndi mpeni wakuthwa mowongoka, osati mopendekera, osatinso ndi sowo, amene amasiya utuchi wa labala mkati. Viikani nsonga yake m'madzi otentha kwa mphindi imodzi, pukutani, pakani kadontho kamodzi ka oyilo wa two-stroke pa kamlomo, kenako kankhani molunjika mpaka ifike kumapeto. Apa m'pamene ambiri amaonongera paipi yabwino ya B1-15: akaikankha youma, mokhotetsa ndi mopotokola, mano a kamlomo amakola kachikopa kamkati n'kukakankhira kumbuyo, kamaunjikana n'kutseka theka la bowo. Kunja sikuoneka kanthu. Musanalumikize ku injini, popani mafuta okwana kapu imodzi m'botolo kuti muone ngati akutuluka mwamphamvu ndiponso kuti zinyalala zotsala zichoke.

Pomangira, mphira za chubu cha njinga ndi waya wa khoka zisiyeni. Mphira imasungunuka ikakhudza petulo, waya amadula paipi. Gwiritsani ntchito ma clamp, timalamba tomangira paipi tija, a chitsulo chosachita dzimbiri, a saizi yolingana ndi paipiyo. Abwino pa mapaipi ang'onoang'ono ndi aja amafinyidwa khutu ndi pulayala, kapena osalala mkati okhala ndi kabawuti ndi nati. Aja ali ndi timabowo tambirimbiri m'lamba wake, akakhala aakulu, sazungulira bwino paipi yaing'ono ndipo labala amatumphukira m'timabowomo. Clamp ikhale kuseri kwa mano a kamlomo, osati pamwamba pake, ndipo mangani mpaka paipi ileke kuzungulira mukaipotoza ndi dzanja. Kupitirira pamenepo mukudula. Yang'ananinso kalabala kozungulira ka mkati mwa cholumikizira cha ku injini. Kakauma, mpweya umalowera pomwepo ngakhale zina zonse zili zatsopano. Zolumikizira za makampani osiyana zimafanana maonekedwe koma sizigwirana bwino, ndiye gulani cha injini yanuyo.

Mukamaliza, kampira kopopera kamakuuzani zambiri mukadziwa kukamvera. Popani mpaka kalimbe. Kakakana kulimba, pali polowa mpweya, kapena vavu yake yafa, kapena singano yotsekera mafuta ya mu kabuleta sikutseka ndipo mafuta akusefukira. Kakafewa pang'ono injini ikuyenda, zimenezo n'zachibadwa, musavutike. Kakaphwa n'kukhala kophwatalala, chotsekeka chili pakati pa kampirako ndi thanki, ndipo poyambira kuyang'ana ndi kabawuti kopumira ka pa chitsekero cha thanki, kamene anthu amaiwala kutsegula. Injini ikamafuna kuzima koma n'kutsitsimuka mukapopa, ndiye kuti mafuta sakufika okwanira: mwina mpweya ukulowa, mwina kachikopa ka mu pampu ya mafuta katha. Pofuna kugwira wakuba, ikani kwa kanthawi kachidutswa ka paipi yoonekera pafupi ndi injini, yendetsani, muone ngati mukudutsa thovu. Sunthani kachidutswako kubwerera ku thanki mpaka thovu lisiye kuoneka, ndipo polowera mpweya pali pakati pa malo awiri omalizawo. Imeneyi ndiyo ntchito yokhayo ya paipi yoonekera pa boti, ndipo ichoke tsiku lomwelo.

Pali timapaipi tina timene timaiwalika chifukwa sitioneka. Pansi pa chivundikiro cha injini pali tatifupi tochoka pa cholumikizira kupita ku sefa, ku pampu ndi ku kabuleta. Timeneti timamva ethanol ndi kutentha kwa injini nthawi imodzi, ndipo kochoka pa pampu kupita ku kabuleta kali ndi mphamvu yokankha, kakang'ambika kamawaza petulo pafupi ndi mawaya a mapulagi. Tifinyeni ndi zala nthawi iliyonse mwatsegula chivundikiro. Pa injini yakale imene yakhala zaka zambiri osatsegulidwa, sinthaninso kachikopa ka pampu ndi singano ya kabuleta. Mkati mwa thanki namo muli kapaipi koyamwira mafuta kokhala ndi kasefa kunsonga. Kameneka kamamira mu petulo usana ndi usiku, choncho paipi wamba, ngakhale R9, siyenera pamenepo chifukwa chikopa chake chakunja chimasungunuka. Pamafunika koyambirira ka thankiyo kapena paipi yolembedwa SAE J30 R10.

Sitingamalize za ethanol osanena za madzi, chifukwa paipi yabwino siingakupulumutseni ku vuto ili. Ethanol amakonda madzi, amawayamwa ngakhale mu mpweya wachinyezi wa panyanja. Petulo wa 10 pa 100 amatha kusunga madzi pafupifupi theka la lita pa malita 100, kutanthauza kuti mu thanki ya malita 25 ndi madzi ongopitirira pang'ono mamililita 100, osadzaza n'komwe kapu ya tiyi. Akapitirira pamenepo, ethanol amasiyana ndi petulo, amagwirana ndi madziwo n'kutsikira pansi pa thanki, pomwe pali kapaipi koyamwira. Oyilo uja munasakaniza, theka la lita pa malita 25 ngati injini yanu ndi ya 50:1 (magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oyilo), amatsala pamwamba ndi petulo. Injini imayamwa madzi ndi mowa zopanda oyilo. Ndipo zamadzimadzi za pansizo, popeza ethanol wake ndi wochuluka zedi, zimadya labala ndi chitsulo cha kabuleta mofulumira kuposa petulo amene. Funde limodzi la mwera lolowa pa chitsekero chosatseka bwino ndi lokwanira kuyambitsa zonsezi.

Choncho thanki isakhale m'madzi a pansi pa boti, ikwezeni pa thabwa ndipo iphimbeni. Mukafika padoko tsekani kabawuti kopumira, chotsani paipi ku injini, thanki ikhale pamthunzi kuti isatupe. Mafuta a m'zigubu ayambe akhazikika musanathire, ndipo a pansi penipeni musawakhuthulire mu thanki. Musasunge petulo wosakaniza kupitirira mwezi umodzi m'nyengo yotentha. Boti likamaima nthawi yaitali, monga nyengo yotseka nyanja kapena masabata a mwera wamphamvu, masulani kabawuti ka pansi pa kabuleta mafuta atuluke, khuthulani paipi, muisunge m'nyumba mopanda dzuwa. Amene angakwanitse aike sefa yolekanitsa madzi ya ma micron 10 (muyeso wa kuchepa kwa timabowo take) pakati pa thanki ndi kampira kopopera, makamaka pa injini za four-stroke zimene zayamba kuchuluka.

Wofuna kudziwa kuchuluka kwa ethanol mu petulo amene wagula angathe kuyeza yekha. Tengani botolo lagalasi lowonda ndi jekeseni wopanda singano. Thirani madzi mamililita 10, lembani mzere pomwe alekezera. Onjezani ena 10 mulembe mzere wachiwiri, enanso 10 mulembe wachitatu. Khuthulani, bwezeranimo madzi 10 okha, thirani petulo wosasakaniza ndi oyilo mamililita 100, tsekani, khutchumulani bwino, dikirani mphindi 10. Madzi amakoka ethanol yense n'kutsika naye. Zapansizo zikafika pafupi ndi mzere wachiwiri, ethanol ali cha m'ma 10 pa 100. Zikayandikira wachitatu, ali cha m'ma 20.

Paipi, ngakhale yabwino chotani, ili ndi zaka zake. Kamodzi pamwezi ipindeni pafupi ndi nsonga zonse ziwiri muone ngati pakutseguka timing'alu, ifinyeni m'litali monse kufufuza pofewa kapena pouma, inunkhizeni ikakhala youma kunja. Ndi dzuwa lathuli, ife timalangiza kusintha paipi ndi kampira pakatha zaka ziwiri kapena zitatu osadikira kuti zionetse vuto, ndipo pogula onani chaka cholembedwa pa paipiyo, pakuti ina imakalambira m'sitolo. Boti lililonse lopita kutali, kaya kokaunika usipa usiku kaya kuwoloka kupita ku zilumba, lizinyamula paipi yachiwiri yolumikiza kale zonse, yokulungidwa m'jumbo. Kusintha paipi yathunthu pamadzi ndi ntchito ya mphindi imodzi ngakhale mumdima, pamene kumanga yong'ambika mafunde akumenya n'kosatheka.

Pomaliza tili ndi mapempho. A MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, atithandize kuti pa pampu iliyonse ya petulo pazilembedwa muyeso wa ethanol umene uli m'mafutawo, kuti mwini injini adziwe chimene akuthira. A Malawi Bureau of Standards ayang'aneko mapaipi a mafuta amene akulowa m'dziko opanda cholembedwa chilichonse. A sukulu ya zausodzi ku Mpwepwe, alangizi a zausodzi ndi makomiti a m'madoko aike nkhaniyi m'maphunziro awo, pambali pa ya majekete opulumutsira moyo. Ndipo eni masitolo a ku Monkey Bay, Nkhotakota, Salima ndi Nkhata Bay, poitanitsa katundu tchulani B1-15 ndi A1-15 ya 6 mm ndi 8 mm, yogulitsa pa mita, pamodzi ndi timipira topopera ndi ma clamp ake, kuti msodzi akabwera ndi cholumikizira chake m'thumba apeze zonse pamalo amodzi.

Ndife,
Amakaniko a injini za maboti,
Mangochi